Tifunseni: Kodi wolipira malonda ndiye amalamula nkhani?

Makalata amene tasankha mwezi uno akukhudza nyuzipepala ndi magazini za pa intaneti, makamaka njira zimene zimapezera ndalama komanso chifukwa chimene owerenga ena ayamba kuzikayikira. Monga mwa nthawi zonse, makalata aatali tawafupikitsa.

A Mkonzi, ine ndimawerenga nkhani pa foni tsiku lililonse, koma masiku ano ndikatsekula tsamba ndimayamba ndalimbana ndi malonda a kubetcha ndi a mankhwala ochepetsa thupi ndisanaone n'komwe nkhani imene ndikufuna, ndipo bandulo imatha msanga. Kodi eni nyuzipepala amasankha okha malonda oterewa? Nanga achulukiranji chonchi? — Mphunzitsi, Kasungu

Aphunzitsi, malonda ambiri amene mukuwaonawo mkonzi sanawaonepo, ndipo mwina amene mukuona inu ndi osiyana ndi amene akuona mnzanu amene watsekula tsamba lomwelo pa nthawi yomweyo. Mwini tsamba amangosiya malo opanda kanthu n'kuwapereka kwa makampani monga Google kuti awagulitse. Inu mukadina kuti nkhani itsekuke, makompyuta amauza otsatsa malonda dziko limene muli, mtundu wa foni yanu ndi zina zimene akudziwa za masamba amene munayendera kale, ndipo otsatsawo amapikisana mitengo mwa makina. Wopereka zambiri ndiye amatenga malowo, ndipo zonsezi zimatha musanaphethire.

Ndalama zake ndi zochepa kuposa momwe ambiri amaganizira. Kawirikawiri mwini tsamba amalipidwa potengera kuti malondawo aonedwa maulendo 1,000 angati, ndipo mtengo wake umakhala wotsika kwambiri ngati owerenga ali ku maiko amene otsatsa amawaona kuti anthu ake alibe ndalama zambiri zogulira katundu. Wowerenga wa ku Kasungu amabweretsa ndalama zochepa kuposa wa ku London, ngakhale atawerenga nkhani yomweyo mpaka kumapeto. Ngakhalenso ku Britain komweko ndalamazo zimatayikira m'njira: kafukufuku amene bungwe la otsatsa malonda la ISBA linachita pamodzi ndi kampani yowerengera za chuma ya PwC, amene anatuluka mu 2020, anapeza kuti pa ndalama zimene wotsatsa walipira, pafupifupi theka lokha ndi limene limafika kwa mwini tsamba, ndipo gawo lokwana 15 pa 100 silinadziwike n'komwe kumene linalowera. Ku America, ndalama zimene nyuzipepala zimapeza ku malonda zinali pafupifupi madola 49 biliyoni mu 2006, koma pofika 2022 zinali zitatsika mpaka kuchepera 10 biliyoni, chifukwa otsatsa ambiri anasamukira kwa Google ndi Facebook kumene angathe kulunjika munthu amene akumufuna.

Mtengo ukatsika chonchi, mwini tsamba amayesedwa m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kuchulukitsa malo a malonda, ndipo ndi imene ikukutherani bandulo, popeza mavidiyo odziyambira okha amadya zambiri kuposa mawu a nkhani. Yachiwiri ndi yoipitsitsa, ndiyo kulemba mitu yokokomeza kuti anthu ambiri adine, ngakhale nkhaniyo ilibe kanthu. Pamene njira imeneyi imathera tinapaona mu 2016, pomwe achinyamata a m'tauni ya Veles ku Macedonia anatsekula masamba ambirimbiri a nkhani zabodza zokhudza chisankho cha ku America, osati chifukwa chokonda ndale, koma chifukwa makina a malonda ankalipira mofanana kaya nkhani ndi yoona kaya ndi yopeka.

Komabe sindingawachotse mlandu eni masamba. Makina omwewo ali ndi mwayi wotsekera mitundu ya malonda imene mwini tsamba sakuifuna, monga ya juga, ya ngongole zachinyengo kapena ya mankhwala olonjeza kuchiza matenda onse. Magazini za The New Yorker ndi Slate zinachotsa mu 2016 timabokosi tija ta m'munsi mwa nkhani todzaza ndi mitu yodabwitsa, timene makampani monga Taboola ndi Outbrain ankagulitsa, ngakhale tinkabweretsa ndalama. The Guardian ya ku Britain inasiya kulandira malonda a makampani okumba mafuta ndi gasi mu 2020, ndipo mu 2023 inasiyanso malonda a juga. Choncho mkonzi amene amati sangachitepo kanthu akunena theka la choonadi: sangasankhe malonda amodziamodzi, koma angathe kutseka khomo la mtundu wonse ngati ali wokonzeka kutaya ndalama zake.

Zikomo a Mkonzi. Ndinawerenga nkhani yoyamikira kampani ina yobwereketsa ndalama, ndipo inalembedwa ngati nkhani ina iliyonse, moti ndinatumizira mchemwali wanga. Iye ndi amene anandionetsa timawu tating'ono pamwamba takuti "Sponsored". Kodi chimenechi si chinyengo? — Mayi wa bizinesi, Limbe

Mayi, kulemba nkhani yolipiridwa si mlandu pakokha, ndipo nyuzipepala za pepala zakhala zikuchita zimenezi kuyambira kale pa masamba amene amalembedwa kuti "Advertorial". Chinyengo chimabwera pamene chizindikiro chaikidwa mwadala kuti chisaoneke. Otsatsa amakonda nkhani zotere pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti owerenga anaphunzira kulumpha malonda a m'mbali mwa tsamba, koma nkhani amaiwerenga ndi mtima wokhulupirira. Ndiye kuti chimene kampaniyo yagula si malo chabe, yagula dzina labwino la nyuzipepalayo, limene linamangidwa ndi atolankhani amene sanalipidwe ndi kampaniyo.

Musadzione ngati osachenjera. Mu 2016 ofufuza a pa yunivesite ya Stanford anaonetsa ana a sukulu tsamba loyamba la Slate, ndipo oposa 80 pa 100 alionse anakhulupirira kuti nkhani yolembedwa kuti ndi yolipiridwa inali nkhani yeniyeni. Amenewo ndi ana obadwira m'Chingerezi. Nanga wowerenga wa kuno amene mawu akuti "Partner content" kapena "Brand voice" samuuza chilichonse? Ine ndimaona kuti tsamba lolembera Amalawi likanayenera kulemba momveka kuti "Nkhani iyi ndi malonda, yalipiridwa ndi akutiakuti", pamwamba pa mutu, m'zilembo zofanana kukula ndi za nkhaniyo. Chizindikirocho chiyeneranso kutsatira nkhaniyo ikatumizidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook, chifukwa kumeneko n'kumene anthu ambiri amaionera, ndipo kawirikawiri kumafika mutu ndi chithunzi chokha.

Ngakhale magazini zolemekezeka zinapunthwapo pano. Mu Januwale 2013 The Atlantic ya ku America, imene inayamba mu 1857, inaika pa tsamba lake nkhani yolipiridwa ndi mpingo wa Scientology yotamanda mtsogoleri wake, ndipo inkaoneka ngati nkhani wamba za magaziniyo. Chimene chinakwiyitsa anthu koposa n'chakuti ndemanga za owerenga pansi pake zinkasefedwa ndi a mbali ya malonda, moti zoyamikira ndi zimene zinkaoneka kwambiri. Pasanathe tsiku anaichotsa n'kupepesa, kenako analemba malamulo atsopano a nkhani zotere. Boma la America linalowererapo kumapeto kwa 2015, pamene bungwe loteteza ogula la Federal Trade Commission linatulutsa ndondomeko yonena kuti malonda obisala ngati nkhani ndi chinyengo, ndipo mu 2016 linatengera pa mlandu sitolo ya zovala ya Lord & Taylor chifukwa cholipira magazini ya Nylon ndi anthu 50 otchuka pa Instagram kuti ayamikire diresi lake popanda kuulula kuti alipidwa.

Pali mtundu wina umene ulibe chizindikiro chilichonse, ndipo ndi woopsa kuposa umene munakumana nawo. Kampani ikaitana atolankhani ku mwambo wake n'kuwapatsa chipondamthengo, nkhani imene ituluke mawa lake imakhala ndi dzina la mtolankhani, imakhala pakati pa nkhani zenizeni, ndipo ndalama sizinadutse n'komwe ku ofesi ya malonda. Nkhani yanu ya "Sponsored" ija inali ndi ulemu wokuuzani, ngakhale monong'ona. Ngati mwaona kuti mwanamizidwa ndi nyuzipepala ya m'dziko muno, lemberani mkonzi poyamba, ndipo akapanda kukuyankhani mungathe kukadandaula ku Media Council of Malawi, pomwe nkhani za malonda osocheretsa ogula zimapita ku Competition and Fair Trading Commission.

A Mkonzi, pepani ngati funso langa likukhudzani inu nomwe. Ndili kuno ku Joni ndipo nkhani za kumudzi ndimazitsatira pa intaneti. Ndaona kuti makampani akuluakulu amene malonda awo amakhala pamwamba pa tsamba sindiwerengapo zoipa zawo, ngakhale abale akamadandaula nawo tsiku ndi tsiku. Kodi ndi zoona kuti otsatsa amaletsa nkhani? — Bambo wa ku Mangochi, wokhala ku Johannesburg

Bambo, funso lanu ndi limene lili pa mtima pa nkhani yonseyi, ndipo musapepese. Malonda ochuluka amatopetsa, nkhani yolipiridwa imasocheretsa, koma zonsezi wowerenga watcheru angathe kuziona ndi maso. Nkhani imene sinalembedwe n'komwe palibe amene angaione, ndipo kuwonongeka kwenikweni kwa nyuzipepala kumachitikira pamenepo.

Kawirikawiri sipakhala lamulo lolembedwa kapena foni yoopseza. Wa ku ofesi ya malonda amangokumbutsa mkonzi kuti mgwirizano ndi kampani yakuti utha mwezi wamawa, mkonzi amauza mtolankhani kuti nkhaniyo ikufunika umboni wina, ndipo mtolankhani akaona zimenezi kawiri katatu amasiya yekha kubweretsa nkhani za kampaniyo. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo wotsatsa amene ndalama zake zimalipira malipiro a theka la antchito amadziwa bwino pamene wakhala. Vutoli limakula m'dziko limene otsatsa akuluakulu ndi owerengeka, monga mabanki angapo, makampani a mafoni, makampani a kubetcha ndi boma, chifukwa mmodzi akachoka palibe wina wolowa m'malo mwake.

Zimenezi zimadziwika poyera pokhapokha wina wa m'kati akalankhula. Mu Febuluwale 2015 Peter Oborne, amene anali mlembi wamkulu wa ndemanga za ndale ku Daily Telegraph ya ku Britain, anatula pansi udindo n'kulemba kuti nyuzipepalayo inkachepetsa dala nkhani zokhudza banki ya HSBC, pa nthawi imene nyuzipepala zina zinkalemba kwambiri za momwe nthambi ya bankiyo ku Switzerland inathandizira anthu olemera kuzemba misonkho. Iye anati chifukwa chake chinali kuopa kutaya malonda a bankiyo. Eni Telegraph anakana mwamphamvu, koma mbiri yawo inadetsedwa. Miyezi iwiri pambuyo pake, BuzzFeed ya ku America inachotsa nkhani yodzudzula malonda a sopo wa Dove, wa kampani ya Unilever imene inkatsatsa pa tsambalo. Mkonzi wake Ben Smith anati anaichotsa chifukwa cha kalembedwe kake, ndipo anaibwezeretsa anthu atadandaula, koma atafufuza nkhani zonse zimene zinachotsedwapo anavomereza kuti zitatu zinachotsedwa kutsatira madandaulo okhudza otsatsa.

Kuno kwathu wotsatsa woopedwa kwambiri nthawi zambiri ndi boma, chifukwa zidziwitso za ntchito, zoitana makampani kupikisana pa makontirakiti ndi za maunduna ndi ndalama zodalirika chaka chonse. Mu 2010, nthawi ya ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, maunduna ndi nthambi za boma zinasiya kutsatsa mu nyuzipepala za Nation Publications Limited, ndipo mabungwe oimira atolankhani anadzudzula zimenezi kuti ndi chilango pa nkhani zosakomera boma. Ku Namibia boma linaletsa malonda ake mu The Namibian kwa zaka pafupifupi 10, mpaka 2011. Ku Botswana zomwezi zinachitikira Botswana Guardian ndi Midweek Sun mu 2001, koma kumeneko khoti lalikulu linagamula kuti boma silingagwiritse ntchito malonda polanga nyuzipepala chifukwa cha zimene yalemba. Zonsezi zinachitikira nyuzipepala za pepala zokhala ndi mizu yozama, ndipo zinapirira. Tsamba la pa intaneti la anthu asanu, lopanda makina osindikizira kapena ndalama za ogula nyuzipepala pa msewu, silingapirire miyezi yambiri chonchi.

Mankhwala ake amadziwika, kungoti ndi owawa. Ogulitsa malonda sayenera kuona nkhani isanatuluke, ndipo mtolankhani sayenera kulandira gawo la ndalama za malonda amene wabweretsa, chizolowezi chimene chimasandutsa mtolankhani kukhala wamalonda wa anthu omwe ayenera kuwafufuza. Pasakhale wotsatsa mmodzi amene ndalama zake zikachoka ofesi itsekedwa. Nkhani ikatuluka isachotsedwe mwakachetechete. Ngati inali yolakwika ikonzedwe ndipo owerenga auzidwe chimene chasinthidwa. Pa intaneti mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri, popeza nyuzipepala ya pepala ikagulitsidwa yagulitsidwa, pomwe nkhani ya pa tsamba ingathe kuzimiririka usiku popanda wodziwa.

Inu ngati wowerenga muli ndi njira imodzi yoyesera. Kampani imene malonda ake ali pamwamba pa tsamba ikagwa m'vuto lodziwika, monga kulipitsidwa chindapusa ndi MACRA kapena kutengeredwa ku khoti ndi antchito ake, fufuzani ngati tsambalo lalemba, liti, ndipo motani. Likalemba tsiku lomwelo ngati ena onse, malonda a kampaniyo ali pomwepo pambali, muli ndi chifukwa cholikhulupirira pa nkhani zina. Likangotulutsa chikalata cha kampaniyo chodziteteza popanda mawu a odandaula, mwadziwa amene ali ndi mphamvu m'nyumbamo. Muyeso umenewu mutiyese nawo ifenso.

Ngati malonda amabweretsa mavuto onsewa, bwanji osangowasiya n'kumalipiritsa owerenga? — Wophunzira za utolankhani, Zomba

Ena anayenda njira imeneyi ndipo zinawayendera. The New York Times inayamba kulipiritsa owerenga a pa intaneti mu Malichi 2011, ikulola nkhani 20 zaulere pa mwezi, pa nthawi imene akatswiri ambiri ankati anthu sadzalipira chinthu chimene anazolowera kuchipeza chaulere. Pofika 2012 ndalama zochokera kwa owerenga zinaposa za malonda, ndipo mu 2023 olembetsa ake anapitirira 10 miliyoni. Koma malonda sinawasiye, inangowachotsa pa mpando woyamba, ndipo kusiyana kumeneku n'kofunika kukumvetsa: nyuzipepala imene owerenga ndiwo amaichirikiza ingathe kukana wotsatsa wovuta popanda kuchotsa antchito.

The Guardian inasankha kusatseka nkhani zake ndi kupempha owerenga kuti athandize mwa kufuna kwawo. Daily Maverick ya ku South Africa, imene inayamba mu 2009, inatsata njira yofanana pamene inakhazikitsa umembala wa Maverick Insider mu 2018, ndi mfundo yakuti amene ali nazo alipire kuti amene alibe awerengebe, pomwe News24 inayamba kutseka zina mwa nkhani zake mu 2020. Ngakhale zili choncho, pa 15 Epulo 2024 Daily Maverick inatseka tsamba lake tsiku lonse pofuna kuonetsa dziko kuti utolankhani uli pa mavuto a zachuma, ndipo mu 2025 bungwe loona za mpikisano pa malonda la m'dzikolo linanena kuti Google iyenera kulipira nyumba zofalitsa nkhani chifukwa cha phindu limene imapeza pa nkhani zawo. Ngati zili zovuta chonchi ku South Africa, kumene anthu ambiri ali ndi makadi a banki, musayembekeze kuti zikhala zophweka kwa wowerenga amene walipira kale bandulo ndipo akuwerengera za chimanga. Airtel Money ndi Mpamba zachotsa vuto la njira yolipirira, koma sizinaike ndalama m'thumba la munthu.

Ndikuchenjezeninso, popeza mukulowa m'ntchito imeneyi, kuti ndalama za owerenga nazo zili ndi chingwe chake. Owerenga olipira kawirikawiri amakhala a maganizo ofanana, ndipo mkonzi amayamba kuopa kulemba zowakhumudwitsa monga momwe ankaopera banki. Kutseka nkhani kumatanthauzanso kuti nkhani zofufuzidwa bwino zikhala za olemera, pomwe mabodza akuyenda mwaulere pa WhatsApp. Thandizo la mabungwe akunja, limene masamba ambiri ofufuza nkhani mu Africa amadalira, limabwera ndi mitu imene opereka akuifuna ndipo limatha mgwirizano ukatha. Nyumba yofalitsa nkhani imene ili pabwino ndi imene ndalama zake zimachokera m'makomo angapo, ndipo imalemba poyera pa tsamba lake kuti eni ake ndi ndani ndi kuti akuithandiza ndi ndani.

Mwana wanga anaika pa foni yanga pulogalamu yotchinga malonda. Kodi ndikuwabera eni nyuzipepala? — Gogo wopuma pa ntchito, Mzuzu

Agogo, simukuba, koma n'zoona kuti tsamba limene mwawerenga silipezapo kanthu pa ulendo wanu. Anthu anayamba kutchinga malonda chifukwa eni masamba ndi otsatsa anapitirira malire, ndipo mchitidwewu unakula kwambiri Apple italola mapulogalamu otere pa mafoni ake mu 2015. Google nayo inaona kuti zikapitirira idzaluza, moti mu 2018 inayamba kutchinga yokha, mu pulogalamu yake yotsekulira masamba ya Chrome, malonda a pa masamba amene amachulutsa zosokoneza monga mavidiyo oyamba okha ndi phokoso. Palinso nkhani ya chitetezo, chifukwa malonda ena amanyamula mapulogalamu owononga kapena amakutengerani ku masamba a akuba, ndipo zimenezi zachitikirapo ngakhale masamba otchuka.

Mapulogalamu ambiri otchinga amalola kusankha masamba amene mukufuna kuti malonda azioneka. Muuzeni mwana wanuyo atsekule pa masamba awiri kapena atatu amene mumawadalira ndipo malonda ake sakuvutitsani, ena onsewo awasiye otchingidwa. Ngati limodzi mwa masambawo lili ndi nambala yolandirira thandizo la owerenga, ndalama yochepa imene mungatumize kamodzi idzaposa kutali zimene likanapeza pa malonda amene inu nokha mukanaona chaka chonse.